Mawu Amene Naguluu Sanaloweze

Zala za Naguluu sizinayerepo. Azikweche ndi mwala, azinyike m'madzi ofunda Lamlungu lonse, m'mbali mwa zikhadabo munkatsalabe timakoko ta guluu wouma, ndipo dzinali linachokera pomwepo. Dzina lake lenileni linkapezeka pa khadi la kuntchito basi. Mukanapita pafakitale ya makatoni ija n'kutchula dzina la pakhadilo, ngakhale mlonda wa pageti akanakuuzani kuti mwasokera.

Analowa ntchito ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, mwana woyamba atangosiya kuyamwa, sukulu atalekera fomu 2. Malowo anamupezera ndi alamu ake, achemwali awo a amuna ake, amene tsiku loyamba anachita kumugwira padzanja n'kukamuimika pa tebulo lalitali la kumapeto kwa shedi. Makatoni akuluakulu ankadulidwa ndi makina, koma timabokosi ta sopo, ta mankhwala a chifuwa ndi ta nsapato za ana tinkapindidwa pamanja. Upinde, upake, ukanikize ndi chala chachikulu, uponye m'dengu. Alamu anamupatsa lamulo limodzi lokha: "Guluu akachuluka bokosi limalira, akachepa limayasamula. Zina zonse uziona wekha."

Patapita zaka pafupifupi makumi atatu, Naguluu ndiye anali kapitawo wa tebulo lija, woyang'anira amayi khumi ndi awiri, alamu ake omwewo ali m'gululo. Ankadziwa pongonunkhiza kuti guluu wa lero amuthira madzi. Ankadziwa amene wabwera osadya, amene wayambana ndi mwamuna, amene ali ndi pakati asanauze munthu. Chingerezi ankadziwa cha pamakatoni: mbali iyi m'mwamba, zosachedwa kusweka, sungani pouma. Kwa bwana wakale chimenecho chinali chokwanira, chifukwa mdala uja ankathyolathyola chilankhulo chathu, ndipo akakwiya ankangoloza ndi chala.

Amuna ake anali okonza mawotchi. Anali ndi katebulo pakhonde la sitolo ina m'tauni, kagalasi ka padiso, ndi tizitsulo tomasulira tokhala ngati singano. Luso anali nalo, koma anthu anasiya kuvala mawotchi, nthawi aliyense akuonera pafoni. A Mawotchi ankatha tsiku lathunthu atasintha batire imodzi yokha, kwinako akuwerenga nyuzipepala ya dzulo n'kumatsutsana ndi wogulitsa mabuku akale amene ankayala pafupi nawo. Palibe ankanena mokweza, koma pakhomopo amene anasenza denga anali Naguluu.

Ndiye fakitale inagulitsidwa.

Eni atsopanowo palibe anawaona. Anangotumiza manijala, mtsikana woti Naguluu akanatha kumubereka, wowonda, wamagalasi, wosadziwa ngakhale moni wathu. Amayi a patebulo anamupatsa dzina tsiku lomwelo: Gogoda, chifukwa cha nsapato zake. Go, go, go pasimenti, kuchokera ku ofesi mpaka kushedi. Zikangomveka, nkhani zinkathera pakamwa ndipo maburashi ankathamanga okha. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti kalumoko kadzameta ndani.

Lolemba lotsatira Gogoda anasonkhanitsa antchito onse, nakwera pa mulu wa makatoni, n'kulankhula mphindi makumi awiri osameza malovu. Chimene chinamuopsa Naguluu n'chakuti mawu ambiri ankawadziwa. Cut ankalidziwa, ndi kudula. Fat ndi mafuta, belt ndi lamba, page ndi tsamba. Koma mawu odziwikawo akagwirana manja ankasanduka chinthu china chimene iye sanachionepo. Atamva za kudula mafuta, amayi anayamba kuyang'anana mikono, ndipo Naguluu, amene Mulungu sanamumane thupi, anakokera epuloni pamimba.

Anadzamasula ndi kalaliki wa muofesi, amene ankamutcha Tayi chifukwa ankavala tayi ngakhale kutentha bwanji.

"Sakunena matupi anuwo, amayi inu. Akuti mwachuluka," anatero akutokosa m'mano. "Pakatha milungu itatu aliyense adzalowa yekhayekha muofesi. Akufuna anthu omva Chingerezi cha bizinesi, osati chanu chija cha good morning teacher."

Mlonda naye anathira ndemanga. Anati kukampani ya msuweni wake, eni atsopano atabwera anafunsa anthu malikulu a mayiko ndi mayina a nyenyezi, ndipo wolephera ankangomupatsa chipewa chake. Kaya msuweniyo analipodi, kaya mlonda anamuumba pomwepo, palibe anafufuza. Munthu wamantha safunsa umboni.

Kuyambira tsiku limenelo Naguluu ankayenda ndi mantha. Tiyi anasiya kukoma. M'mawa akamatsika minibasi n'kuona geti la fakitale, ankayamba waima kaye pansi pa mtengo ngati akukonza nsapato. Zaka makumi asanu ndi chimodzi, maso oyamba kale kufuna magalasi, luso lake lonse n'kupinda mabokosi. Akamuchotsa apa adzapita kuti? Ndani amalemba ntchito mayi wa imvi woti azimata guluu?

Buku anabwera nalo ndi a Mawotchi, atasinthanitsa ndi lamba wa wotchi kwa mnzawo wa mabuku uja. Linalibe chikuto, ndipo mwini wake woyamba anadonthezera mafuta pakati. Theka loyamba linali la zining'a za Chingerezi cha muofesi ndi mawu oyendera limodzi. Theka lachiwiri linali la mafunso a dziko lonse lapansi, mayankho ake atalembedwa chadodolido pansi pa tsamba.

"Ukaipa dziwa nyimbo, mayi," anatero akulimenya pantchafu kuchotsa fumbi. "Setifiketi tilibe, koma mutu tili nawo."

Vuto linali lakuti matanthauzo nawonso anali m'Chingerezi. Chining'a cha mawu anayi chinkamasuliridwa ndi mawu khumi ndi asanu, atatu mwa iwo ovuta kuposa chining'acho. Apa ndi pamene a Mawotchi ankalowererapo, ndipo bambo amenewa chibadwire sanayambe anenapo kuti sindikudziwa.

"The ball is in your court," anawerenga Naguluu Lamlungu masana atakhala pakhonde, chala chili pansi pa mzere.

"Khothi ilo. Akakuuza zimenezo usasaine kanthu, ubwere kuno."

"Koma pano zikuoneka ngati akuti ndi nthawi yako yoti uchitepo kanthu."

"Eya, kukhothi. Ukaitanidwa umachitapo kanthu."

"Nanga mpirawo, bambo?"

"Mpira ndi wongokunyengerera kuti usathawe."

Naguluu anaphunzira msanga kuwavomera ndi mutu kenako n'kukawerenga yekha. Iwo mtima wawo unali ku theka lachiwiri. Ankalanda bukulo, n'kuvala nkhope ya mphunzitsi wamkulu, n'kuloza ndi kachitsulo kawo komasulira.

"Likulu la Australia?"

"Sydney."

"Tenga chikwama chako uzipita! Canberra. Fupa lalitali kuposa onse m'thupi la munthu?"

"La pantchafu."

"Wapulumuka. Kadyamsonga, ndi khosi lake lija, ali ndi mafupa angati m'khosimo?"

"Makumi awiri?"

"Asanu ndi awiri, chimodzimodzi iwe ndi ine!"

Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Naguluu anangodzigwira pakhosi, osaseka.

Mawu oyendera limodzi ndiwo anamuimitsa mutu. Chisankho amachita make, osati do. Deadline, tsiku loti ntchito ikhale itatha, amachita meet, ngati ndi munthu woti mukumane pamsika. Chifukwa chake panalibe. Mawu ena anangokwatirana basi, ndipo amene anawakwatitsa anafa osasiya malongosoledwe. Ankaloweza m'minibasi milomo ikugwedera, ankaloweza akuchapa, ankaloweza pamzere wa kumpopi. Tsiku lina kondakitala atamufunsa kotsikira, anayankha kuti Canberra, ndipo minibasi yonse inamucheukira.

Chapakati pa bukulo anapeza chimene ankachiopa: tsamba lathunthu la mawu ochotsera munthu ntchito. Fire. Sack. Axe. Boot. Chop.

"Anthuwa ndi otani kodi?" anafunsa amuna ake. "Moto, thumba, nkhwangwa, jombo. Munthu mmodzi yemweyo amuwotche, amuike m'thumba, amuteme, amumenyenso theche?"

"N'chifukwa chake analemera," anayankha a Mawotchi.

Mawu asanuwo anawalemba pa kachidutswa ka katoni n'kukaika m'thumba la epuloni. Kuyambira pamenepo, Gogoda akatsegula pakamwa, makutu a Naguluu ankangosaka asanu amenewo, monga mayi amamvetsera chifuwa cha mwana wodwala. Zina zonse zinkangodutsa.

Tsiku lina nsapato zija zinabwera go, go, go, n'kudzaima kumbuyo kwake kwenikweni. Naguluu anamva fungo la mafuta onunkhira. Anapinda, anapaka, anakanikiza, manja akugwira okha ntchito mwini wake atachoka. Gogoda anatola kabokosi kamodzi, nakatembenuza, nati, "Keep it up." Naguluu anakweza m'mwamba kabokosi kamene kanali m'manja mwake, n'kukhala chikwezere mpaka nsapato zija zitazimiririka. Madzulo atapeza m'buku kuti kumeneko kunali kumuyamikira, sanasangalale. Anachita manyazi, ndipo mantha anawonjezeka: ngati sangazindikire chiyamiko, adzazindikira chiyani?

Mlungu wachiwiri, Lachitatu, Tayi analowa muofesi ya Gogoda cha m'ma teni koloko. Anatuluka patatha mphindi khumi, tayi ili m'thumba, katundu wake ali m'katoni ya pafakitale pomwepo: kapu, kalendala, nsapato zosinthira. Sanayang'ane kushedi.

"Ngati moto wayambira pa tayi," ananong'ona Amake Mapasa, amene ankakhala moyang'anizana ndi Naguluu, "epuloni ingapulumuke?"

Chaona mnzako chapita, onse ankadziwa kumapeto kwake.

Naguluu sankadziopera yekha. Alamu ake maso anali atachita ng'ala. Chaka chonsecho ankapinda mongopapasa, ndipo Naguluu anawasunthira pafupi naye kuti timabokosi tokhota azitiwongola mwakachetechete tisanalowe m'dengu. Kuchipatala anawauza kuti opaleshoni yake ndi yaing'ono, koma pafunika milungu iwiri yopuma. Kalata yopempha tchuthi anailemba ndi Naguluu yemweyo, ndi thandizo la buku lija, n'kuilowetsa pansi pa chitseko cha ofesi. Yankho kunalibe.

"Wayankha mtsikana uja?" ankafunsa alamu m'mawa uliwonse akumanga epuloni.

"Ayi ndithu, alamu. Tidikire."

"Iwe ndiye ukuthyola chizungu masiku ano. Ukalowa umo ukandinenereko."

Tsiku la Naguluu linakwana Lachitatu la mlungu wachitatu. Anavala bulauzi ya kutchalitchi pansi pa epuloni. Kuchokera patebulo kukafika ku ofesi ndi mapazi makumi anayi okha, koma anafika ali wefuwefu. Muofesimo munali mozizira ngati mufiriji. Gogoda anamulozera mpando, ndipo iye anakhala kunsonga kwenikweni, manja atabisa pansi pa tebulo.

Mafunso anali a ntchito. Timabokosi tingati pa ola? Guluu amatha masiku angati? N'chifukwa chiyani ta mankhwala timachedwa? Naguluu anayankha mothyokathyoka, mawu akupunthwa, koma zimene ankanenazo ankazidziwa kuposa munthu aliyense pamalopo. Gogoda ankalemba. Pamapeto Naguluu anakumbukira alamu ake, nati ali ndi funso.

"Fire away," anatero Gogoda osadzutsa mutu.

Fire. Chipinda chinapendekeka, ndipo Naguluu anagwira m'mphepete mwa mpando kuti asagwe. Basi, zatha, ndipo away ndiye kuti kutali. Anaona katoni yake, kapu yake ya pulasitiki, nkhope ya a Mawotchi pakhonde. Koma penapake kuseri kwa manthawo kunatseguka tsamba, lija lodonthezera mafuta, mzere wachitatu kuchokera pansi. Fire away: funsa, ndikumvetsera. Mpweya unabwerera. Koma funso lija linali litathawa, ndipo Gogoda tsopano anali atadzutsa mutu, akudikira. Naguluu anatsegula pakamwa n'kutulutsa chimene chinali pafupi.

"The ball is in your court, madam."

Gogoda anamuyang'ana, kenako anaseka, kuseka kwenikweni kwa mwana wa munthu, mpaka anavula magalasi. Atamaliza analankhula pang'onopang'ono kuti Naguluu amve bwino. Ntchito yake ili pomwepo. Akufuna munthu wodziwa tebulo lija, woti azimulankhulira kwa amayi aja poti Tayi kulibenso. Lachisanu adzakhale naye muofesimo, azidzamasulira.

Naguluu anatuluka. Analowa kuchimbudzi, natseka chitseko, n'kulira mwakachetechete ngati mwana. Mtima unakhala pansi kwa nthawi yoyamba m'milungu itatu.

"Za Canberra sanafunse?" anadabwa a Mawotchi madzulo ake.

"Ayi."

"Za kadyamsonga?"

"Ngakhale pang'ono."

"Ndiye wadziwa bwanji kuti ndiwe wophunzira? Manijala wa chiyani ameneyo?" Anadandauladi, koma anatuluka n'kukabwera ndi buledi wa zoumba, amene pakhomopo anali asanalowe chiyambire chaka.

Lachisanu mantha anabweranso, atavala malaya ena. Nanga akalephera kumva? Nanga Gogoda akazindikira kuti Chingerezi chonsecho ndi cha milungu itatu, chomata ndi guluu? Naguluu anakhala pa mpando wa pambali, dzanja lili m'thumba la epuloni, litagwira kachidutswa kaja. Patebulo la Gogoda panali mulu wa maenvulopu ndi botolo la madzi.

Woyamba kuitanidwa anali alamu, poti ndiwo anali akale kuposa onse. Analowa akupapasa chitseko. Gogoda anaimirira, nawakokera mpando yekha, nawathirira madzi m'kapu. Mawu ake anali ofewa kuposa masiku onse. Anati agwira ntchito zaka zambiri. Naguluu anamasulira. Anati kampani ikuthokoza kwambiri. Naguluu anamasulira. Anati wawerenga za maso awo ndipo akumva chisoni. Naguluu anamasulira, mtima ukuyamba kudumpha, poti kalata ija ndiye kuti inafika.

"So we have to let you go," anatero Gogoda.

Naguluu anasefa mawuwo limodzilimodzi. Munalibe moto, munalibe thumba, munalibe nkhwangwa, jombo kapena chotemera. Let ndi kulola. Go ndi kupita. Awa anali mawu a sitandade 3, oti ngakhale wosagula buku angamve.

"Alamu, akulolani!" anatero, mawu akukwera okha. "Akuti mupite!"

"Ee? Wavomera?"

"Wavomera. Akuti afunika kukulolani mupite."

Alamu anaimirira n'kugwira dzanja la Gogoda ndi manja awiri, n'kumaligwedeza. "Umuuze kuti Mulungu amudalitse mwanayu. Umuuze kuti anthu amangomunamizira." Naguluu anamasulira za Mulungu zokhazo. Gogoda anaoneka wodabwa, koma anatulutsa pepala n'kuloza pansi pake. Alamu sankaona mzerewo, ndiye Naguluu anagwira dzanja lawo n'kuika nsonga ya cholembera pamalo pake. Anasaina pang'onopang'ono, lilime lili panja. Gogoda anaika pepalalo mu envulopu n'kuimata, alamu anailandira, naipinda, nailowetsa m'bulauzi, n'kutuluka akung'ung'udza nyimbo.

Gogoda anapumira m'mwamba n'kunena kuti mayiwo azilandira bwino kwambiri. Naguluu anavomera ndi mutu, akumwetulira.

Wachiwiri anali Amake Mapasa. Mpando womwewo, madzi omwewo, mawu ofewa omwewo. Zaka zambiri. Kampani ikuthokoza. Naguluu ankamasulira momasuka tsopano, ngati wobadwa nazo.

"So we have to let you go."

Pakamwa pa Naguluu panatseguka kuti amasulire, n'kukhala chitsegukire. Amake Mapasa sanapemphe tchuthi. Amake Mapasa sanadwalepo ngakhale chimfine, ndipo Loweruka ankachita kupempha ovataimu. Akuwalola kupita kuti? Anayang'ana mulu wa maenvulopu uja. Onse anali ofanana, oyera, ndi dzina pamwamba.

"Go where, madam?"

"Home."

"Until when?"

Gogoda anaika cholembera pansi. Anamuyang'ana, kenako analankhula mawu amodziamodzi, ngati kwa mwana. Ntchito yatha. Sadzabweranso. Chimodzimodzi mayi oyamba aja. Ndiye anapendeketsa mutu n'kufunsa ngati mayi oyambawo anawauzadi zimenezo.

Apa ndiye panali pofunika kunena zoona, ndipo Naguluu ankadziwa. Akanati pepani, ndinalakwitsa, aitaneni abwerere. Koma maso a Gogoda anali pa iye, maso a munthu amene wayamba kukayikira katundu amene wagula, ndipo pansi pa mulu uja panali malo okwanira envulopu ina imodzi.

"Yes, madam," anatero.

"Akuti chiyani?" anafunsa Amake Mapasa, akuyang'ana uku ndi uku. "Akapitawo, mwatuwa bwanji? Akuti chiyani?"

"Akuti ntchito yatha, asisi."

Anawanena mawu amenewo kasanu m'mawa umenewo, kwa amayi amene anapinda nawo mabokosi kuyambira ali atsikana. Wina analira. Wina anangoti chabwino n'kusiya madzi osamwa. Amake Mapasa sanamuyang'ane Gogoda n'komwe, anayang'ana Naguluu, nati, "Ndiye chizungu munkaloweza chija chinali cha ntchito imeneyi?"

Masana onse Naguluu anabisala kushedi. Tebulo linali ndi mipata isanu ndi umodzi, ndipo otsalawo ankapinda mitu ili pansi. Anachedwa dala kutsuka maburashi, anachedwa kuvundikira ndowa ya guluu, akupemphera kuti alamu akhale atapita kwawo, kuti munthu wina awawerengere kalata yawo, mwana wa aneba kapena aliyense, bola asakhale iye. Belu loweruka litalira, anatuluka pambuyo pa onse.

Alamu anali pageti. Anakhala pa benchi ya mlonda, chikwama pamiyendo, mabotolo awiri a zakumwa zoziziritsa kukhosi ali pambali, osatsegula. Anamuzindikira ndi mayendedwe.

"Mlamu wanga! Ndakudikira kuyambira m'mawa, izi zafunda kale." Anatsitsa mawu. "Ndamva za anzathuwa. Zachisoni, Amake Mapasa adutsa pano akulira. Amati nanenso andichotsa, ine ndati ayi, ine ndi tchuthi, mlamu wanga wandimenyera nkhondo. Anthu akapsa mtima amafuna aliyense apse nawo."

Mlonda anatembenukira kumsewu n'kuyamba kuyang'anitsitsa galimoto zodutsa.

"Ndaimba kale foni kuuza amuna ako kuti Lolemba andiperekeze kuchipatala," anapitiriza alamu, akutulutsa envulopu ija m'bulauzi. "Koma sindinamve tsiku lobwerera. Tandiwerengera, ndisadzachedwe n'kumukhumudwitsa mwana wabwino uja."

Naguluu anang'amba envulopuyo n'kutulutsa kalata. Inali mizere isanu ndi umodzi. Munalibe chining'a ngakhale chimodzi, ndipo liwu lililonse analimva. Anawerenga kamodzi, nawerenganso, nafika pa siginecha yokhota ija pansi.

"Ukuchedwa bwanji?" anafunsa alamu akuseka, maso oyera aja atalunjika pamene ankaganiza kuti pali nkhope yake. "N'chovuta chizungu chake?"

"Ayi, alamu. N'chosavuta."

"Ndiye akuti ndibwere liti?"

Naguluu anasuntha mabotolo aja, nakhala pabenchipo, nagwira dzanja la alamu ake.

"Alamu," anatero, "m'mawa muja ndinakunamizani."